Ndege ya m'gemu ikakumana ndi mphepo yeniyeni

Loweruka masana, pamsika wa Liwonde m'boma la Machinga pamapezeka ndege zambiri ndithu. Kungoti palibe ndi imodzi yomwe imene imakwera kupitirira denga la golosale.

Zina n'zamawaya, zomanga ndi malegeni, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Zina n'zamapesi, mapiko ake a katoni ya sopo. Mwini ndegeyo, mwana wa Sitandade 4 kapena 5, amathamanga nayo m'mphepete mwa msewu wa ku Ntaja, dzanja lili m'mwamba, milomo ikulira m'malo mwa injini.

Ndege zina zili m'tinyumba ta magemu, momwe anyamata okulirapo amalipira kangachepe kuti agwireko padi ya PlayStation kwa mphindi zowerengeka. Ambiri amafuna mpira. Koma amene adasewerapo gemu ya Grand Theft Auto: San Andreas, yomwe idatuluka m'chaka cha 2004, amaidziwa ndege yankhondo yotchedwa Hydra, ija imanyamuka choimirira pakati pa msewu ngati helikopita kenaka n'kuthamanga ngati mphezi.

Zoterezi si za pa Liwonde pokha. Pa Balaka, pa Ulongwe, pa Nsanama, pa Phalula, paliponse pomwe padafika magetsi kapena sola, mupeza zomwezi.

Kwa mayi amene watuma mwana kuchigayo n'kukamupeza m'kanyumba kotere chenji itatheratu, nkhani ya ndege ilibe kukoma. N'chibwana, chibwana chake cholepheretsa mayeso. Mayiyo sadalakwe kwenikweni, pakuti ana ambiri ataya nthawi ndi ndalama m'tinyumbati osatolamo kanthu.

Koma pali funso limodzi lomwe mwana wa ndege ya mapesi ndi mnyamata wa padi onse amadzafunsa tsiku lina: kodi ndege imeneyi itapangidwa yeniyeni, ingaulukedi?

Kumaiko ena kuli anthu, ena mwa iwo akuluakulu a ndevu zawo, amene amakhala mpaka usiku akufufuza yankho la funsoli. Amatenga ndege yongopeka ya m'gemu n'kuimanganso chiwalo ndi chiwalo m'pulogalamu ya kompyuta yotsanzira mphepo yeniyeni, kenaka n'kuiyesa. Nthawi zambiri, ulendo woyamba ndegeyo imagwa. Eni akewo sakhumudwa, chifukwa kugwako ndi kumene kumawauza chomwe opanga gemu adabisa.

Gemu sinena zoona

Gemu imapangidwa kuti wosewera asangalale ndi kupambana. Chitsanzo chodziwika ndi Ace Combat ya kampani ya Namco ya ku Japan, yomwe idayamba kupezeka pa PlayStation mu 1995. M'gemuyi muli ndege zenizeni monga F-16, komanso muli zina zomwe sizidaterepo pabwalo lililonse pansi pano.

X-02 Wyvern, yomwe idaoneka koyamba mu 2001, ili ndi mapiko opindika okha liwiro likakwera. ADF-01 Falken, yomwe osewera adayamba kuiyendetsa mu 2004, ili ndi mapiko oloza kutsogolo, ilibe galasi loonera kunja chifukwa woyendetsa amaona kudzera m'makamera, ndipo imalavula moto wa laser.

Maonekedwe ake ngothetsa nzeru. Koma m'dziko la gemuyi mafuta satha, ndipo ndege imodzi imatha kunyamula mizinga 50, nthawi zina kuposa 100.

Masamu ake ndi awa. Mzinga umodzi wa mtundu wa Sidewinder umalemera makilogalamu pafupifupi 85. Mizinga 100 ndi makilogalamu 8,500, kapena matumba 170 a chimanga a makilogalamu 50. Kulemera kumeneku n'kofanana ndi kwa ndege yonse ya F-16 isadathiridwe mafuta. Ndege yeniyeniyo ikapita kokamenyana ndi ndege zinzake imanyamula mizinga yosaposa zala zam'manja.

Ndiye pali thupi la munthu. Ndege yankhondo ikakhota mwamphamvu, woyendetsa amapanikizika pampando ngati walemera maulendo 9. Mnyamata wa makilogalamu 60 angamve ngati wafika 540. Magazi amathawa kumutu, maso amachita mdima, ndipo akapitiriza amakomoka. M'gemu, wosewera amakhota chomwecho uku akutafuna nzimbe.

Flight simulator, monga amaitchulira pa Chingerezi, ndi chinthu china. Iyi ndi pulogalamu, kapena makina athunthu, oyesererapo kuuluka. Ntchito yake si kusangalatsa munthu koma kumuuza zoona. Ukakoka chiwongolero mopitiriza, ndege imagwa. Ukaiwala mafuta, injini imazima. Mtambo ukatseka phiri, phirilo silisuntha.

Mwa mapulogalamu otere, okonda kuyesa ndege zongopeka amathamangira ku X-Plane, yomwe adailemba ndi Austin Meyer wa ku America n'kuyamba kuigulitsa mu 1995. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamu ambiri akale ankachita kuuzidwa kuti ndege yakuti imathamanga mwakuti ndipo imakwera mwakuti. X-Plane siuzidwa zimenezo. Imayang'ana kapangidwe ka phiko, n'kuligawa tizigawo ting'onoting'ono, kenaka n'kuwerengera kambirimbiri pa sekondi iliyonse mmene mphepo ikukankhira kachigawo kalikonse. Ikaphatikiza zonsezo ndiye imadziwa ngati ndegeyo ikwere, ikhote kapena igwe.

Choncho pulogalamuyi siisamala ngati ndege yomwe yapatsidwa ilikodi kapena idangochokera m'mutu mwa wojambula wa ku Tokyo. Imaiweruza ndi muyeso umodzi.

Kumanga ndege yomwe kulibe

Ntchitoyi imayamba ndi zithunzi. Womangayo amajambula ndege ya m'gemu kuchokera pamwamba, m'mbali ndi kutsogolo, n'kuyerekeza kutalika kwake. Kenaka amatsegula Plane Maker, kachipangizo kobwera limodzi ndi X-Plane, n'kuyamba kulowetsa manambala: kutalika kwa phiko, kupingasa kwake, mmene lapendekekera, kukula kwa mchira, mphamvu ya injini, malo a matanki a mafuta, kulemera kwa ndege yonse.

Apa m'pomwe mutu umayamba kuwawa, poti opanga gemu sadavutike ndi zambiri mwa izi. Wojambula adangofuna kuti ndege ioneke yoopsa. Womanganso uja amayenera kuganiza yekha: injini ziwiri zazikulu chonchi zingalemere bwanji? Nanga mafuta akhala pati, popeza m'mimba monse mwadzaza mfuti ya laser?

Mfundo ya kuuluka payokha si yovuta. Aliyense amene adatulutsapo dzanja pawindo la minibasi ikuthamanga pamsewu wa Liwonde kupita ku Balaka amaidziwa. Ukapendeketsa chikhatho pang'ono, mphepo imakankhira dzanja m'mwamba. Ndi mphamvu yomweyo imene imasasula malata a sukulu ndi matchalitchi mvula yoyamba ikabwera ndi chimphepo. Phiko limakankhira mphepo pansi, mphepo n'kubwezera pokankhira phiko m'mwamba. Koma ukapendeketsa mopitirira, mphepo imaleka kutsatira msana wa phiko, mphamvu yonyamula ija imatha mwadzidzidzi, ndege n'kutsika ngati mwala.

Chovuta kwambiri ndi malo omwe kulemera kwa ndege kwakhazikika. Wogulitsa makala amene amatsika ndi njinga kuchokera kumapiri amaidziwa bwino nkhaniyi. Akamanga matumba kumbuyo kwenikweni kwa kaliyala, tayala lakutsogolo limadzuka ndipo njinga imakana kuwongoleka. Ndege nayo n'chimodzimodzi. Kulemera kukapita kumbuyo kwambiri, mphuno imadzuka yokha, ndege n'kutembenuzika chagada woyendetsa asadachite kanthu.

Ndege zambiri za m'magemu zimadwala matenda amenewa, chifukwa zimakhala ndi mainjini akuluakulu kumbuyo ndi timapiko tina kutsogolo. Zikaikidwa pabwalo mu X-Plane, zina zimadzutsa mphuno zisadafike pakati pa bwalo. Zina zimanyamuka bwino koma osakhota. Zina zimauluka, koma mafuta n'kutha m'kanthawi kochepa.

Ngakhale Hydra ya anyamata a pa Liwonde ija ili ndi yankho lake. Opanga gemu adaitengera ku Harrier, ndege yeniyeni ya ku Britain yomwe idayamba ntchito mu 1969. Harrier inkanyamukadi choimirira potembenuzira pansi mpweya wa injini. Koma ikadzaza mafuta ndi mabomba sinkatha kutero, inkayenera kuthamanga kaye pang'ono pabwalo. Ndipo kukatentha mpweya umapepuka, injini n'kufooka. Ndege yotere ikanati iyese kunyamuka choimirira pa Baraji masana a mwezi wa Okutobala, ikanayenera kusiya katundu wambiri pansi.

Mapiko oloza kutsogolo a Falken aja nawo si maloto okhaokha. Mu Disembala 1984, ku California, idauluka ndege yoyeserera yotchedwa X-29 ya kampani ya Grumman, mapiko ake oloza kutsogolo chomwecho. Zidapangidwa ziwiri zokha ndipo zidauluka maulendo oposa 400. Koma ndegeyi idali yosakhazikika moti palibe munthu amene akanaigwira ndi manja ake okha. Makompyuta atatu ndiwo ankaiwongola, mpaka ka 40 pa sekondi imodzi. Mapikowo nawo ankafuna kupotoka ndi mphepo, ndipo adachita kuwapanga ndi ulusi wapadera wolimba kuti asathyoke. A ku Russia adayesanso nzeru yomweyi mu 1997 ndi ndege ya Su-47, koma nayo sidalowe m'gulu la ndege zogwira ntchito.

Womanga Falken mu X-Plane amafika pamalo omwewo amene akatswiri a Grumman adafika. Amazindikira kuti popanda kompyuta yoigwiririra, ndegeyo siuluka, ndipo amatsegula gawo la Plane Maker loikira chithandizo chimenechi. Mwana wa sekondale amene wadutsa njira imeneyi yekha waphunzira fizikisi yomwe sangaiiwale mayeso akatha.

Komabe pulogalamuyi si mneneri. Imalosera bwino za ndege wamba za mapiko ooneka ngati mapiko, koma thupi la ndege likakhala lachilendo kwambiri, kapena liwiro likapitirira la mawu, mayankho ake amayamba kukayikitsa. Kuuluka m'kompyuta si chilolezo chokwera chinthucho.

Nanga lichero?

Kuno kwathu ndege zongopeka si zachilendo. Amene ankamvera nkhani za m'maboma pawailesi amakumbukira mphekesera za ndege ya lichero yomwe akuti yagwa m'mudzi wakutiwakuti mafuta atatha. Za ufitizo zikhale apo. Koma funso loti chinthu chozungulira ngati lichero chingauluke ndi mphepo wamba lidayesedwapo ndi anthu a sukulu zawo.

Mu Novembala 1942, ku America, idauluka ndege ya Vought V-173 yomwe thupi lake lonse lidali phiko limodzi lozungulira, lopangidwa ndi matabwa ndi nsalu, kutsogolo kuli mapulopela awiri aataliatali. Anthu ankaitcha chitumbuwa chouluka. Idauluka maulendo pafupifupi 200 ndipo inkatha kutera pang'onopang'ono modabwitsa.

Ku Canada, mu 1959, adayesa china chooneka ngati mbale, chotchedwa Avrocar, chopanda mchira. Ichi chidakanika. Chikangokwera kufika mita imodzi chinkayamba kugwedezeka, ndipo ntchitoyo idathetsedwa mu 1961. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakuti chitumbuwa chija chidali ndi mchira ndi zowongolera, pomwe mbaleyo inkadalira mpweya wa injini wokha kuti ikhazikike. Lichero lingauluke, bola lipatsidwe injini ndi mchira.

Makampani nawo adaona kuti anthu amakonda ndege zongopeka. Microsoft Flight Simulator, yomwe idayamba mu 1982 n'kutulukanso mwatsopano mu Ogasiti 2020, idalandira alendo atatu otere. Mu 2022 mudalowa Darkstar ya m'filimu ya Top Gun: Maverick komanso Pelican ya m'gemu ya Halo, ndipo mu 2024 mudalowa ndege ya m'filimu ya Dune, ya mapiko onjenjemera ngati a tombolombo. Zonsezi zimauluka bwinobwino, chifukwa opanga adazipatsa mphamvu zomwe injini za lero zilibe. N'zosangalatsa kukwera, koma wolandira ndege yophikaphika chonchi saphunzira zomwe amaphunzira mnzake amene yake yagwa kasanu.

Choseweretsa chomwe chidapulumutsa miyoyo

Makolo okayika angafune kudziwa kuti makina oyesererapo kuuluka nawo adayamba ngati choseweretsa. Mu 1929, mnyamata wina wa ku New York, Edwin Link, yemwe bambo ake ankapanga malimba, adatenga mivukuto ya malimbawo n'kupanga kabokosi kokhala ndi timapiko, komwe kankapendekeka munthu akagwedeza chiwongolero. Oyendetsa ndege sadachite nako chidwi. Amene ankagula adali eni malo a zisangalalo, kuti anthu azikwera polipira makobidi.

Zinthu zidasintha mu 1934, pomwe asilikali a ndege a dzikolo adapatsidwa ntchito yonyamula makalata. M'miyezi yochepa oyendetsa ndege oposa 10 adafa, ambiri chifukwa sadazolowere kuuluka usiku ndi m'mitambo. Asilikaliwo adagula mabokosi 6 a Link. Pofika kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, oyendetsa ndege pafupifupi 500,000 adali ataphunzirira m'mabokosi amenewa.

Lero woyendetsa ndege zonyamula anthu amabwerera mu simulator kawirikawiri, m'makampani ambiri pa miyezi 6 iliyonse, kukayesedwa. M'menemo amamuzimitsira injini, amamuyatsira moto, amamutsekera bwalo ndi chifunga. Zinthu zomwe munthu sangaziyesere m'mwamba muli anthu 100 kumbuyo kwake, amaziyesera pansi.

Ngakhale abale awiri aja, Wilbur ndi Orville Wright, adayamba ndi choseweretsa. Mu 1878 bambo awo adawabweretsera kahelikopita ka pepala, nsungwi ndi mphira. Atakula adakhala okonza ndi kupanga njinga m'tauni ya Dayton, ntchito yosasiyana kwenikweni ndi ya amisiri okhala pansi pa mtengo padepoti ya Balaka. Ndege yawo yopanda injini itawakhumudwitsa mu 1901, sadapitirize kudziponya pamchenga. Adakhoma bokosi lamatabwa lotalika pafupifupi mamita awiri, kuika chopemerera mphepo kumapeto, n'kuyesamo timapiko pafupifupi 200. Pa 17 Disembala 1903 ndege yawo idauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37.

Bokosi lamatabwalo linkagwira ntchito yomwe X-Plane ikugwira lero: malo oti phiko lolakwika ligwe popanda maliro.

Kwathu kuno

Kufunika kwa malo otere kudaoneka m'dziko muno mu 2016, pomwe atolankhani akunja adalemba za bambo wina wa m'chigawo chapakati amene adapanga helikopita ya munthu mmodzi ndi zitsulo zakale. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzaiona. Mapiko ake ankazungulira ndithu, koma bamboyo adauzidwa kuti asayese kuiulutsa akuluakulu oona za ndege asadaiunike.

Luso lidalipo, khama lidalipo. Chomwe chidasowa ndi poyesera. Injini yake idali ya njinga yamoto ya 125cc, yomwe imatulutsa mahosipawa ongopitirira 10 pang'ono. Helikopita yaing'ono ya anthu awiri yotchedwa Robinson R22 imagwiritsa ntchito mahosipawa oposa 120. Kompyuta ikanamuuza mmisiriyo zimenezi madzulo amodzi, asadawononge ndalama ndi miyezi yake, ndipo mwina ikanamulozera ku chinthu chaching'ono chomwe injiniyo ingachinyamule.

Chitsanzo cha njira inayo chidachitika chaka chotsatira ku Kasungu. Mu Juni 2017 boma ndi bungwe la UNICEF adatsegula dera loyeserako tindege topanda munthu mkati, totchedwa drone. Mu Novembala chaka chomwecho, ophunzira a Chimalawi, mothandizidwa ndi aphunzitsi a yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, adamanga kandege kotchedwa EcoSoar. Thupi lake lidali la zikatoni zopepuka zomwe amamatapo zithunzi, kuphatikizapo tizipangizo tapulasitiki tochepa. Kandegeko kadauluka kokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode kukatera pabwalo la ndege la Kasungu.

Kuyang'ana EcoSoar ndi kuyang'ana ndege ya katoni ya mwana wa pa Ntaja, ubale wake ngoonekeratu. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Kasungu idawerengedwa kaye isadadulidwe.

Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, yophunzitsa achinyamata kumanga ndi kuyendetsa tindegeti. M'gulu loyamba la ophunzira, oposa theka adali atsikana. Izi zidadza patatha pafupifupi zaka zitatu Kaputeni Yolanda Kaunda ndi Lusekelo Mwenifumbo atayendetsa ndege ya Malawian Airlines kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam mu Malichi 2017, onse ogwira ntchito m'ndegemo ali amayi. Koma m'tinyumba ta magemu ta m'misika yathu mtsikana n'ngosowa, ndipo akapezeka akupinda waya amauzidwa kuti akatsuke mbale.

Anthu a ku Machinga ndi Balaka safunika kupita kutali kuti aone ntchito ya ndege. Chiyambire 2015, pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Liwonde, kumwamba kwa deralo kwadutsa zambiri. Mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Pantchitoyi helikopita ndiyo inkakusa njovu, dokotala wa nyama n'kumazilasa mankhwala ogonetsa ali m'mwamba. Ma drone nawo adayesedwa m'nkhalangoyi posaka opha nyama usiku, ndipo zidapezeka kuti njovu zimathawa kulira kwake, mwina poganiza kuti ndi njuchi. Kwa mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango amene chimanga chake chidadyedwapo usiku umodzi, imeneyo si nkhani ya masewera.

Mwana wa pa Nsanama angayambire pati?

Apa m'pofunika kunena mosabisa. Microsoft Flight Simulator ya 2020 idatuluka pamtengo wa madola 60, imafuna kompyuta yamphamvu, malo oposa magigabayiti 100 ndi intaneti yosadukiza. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'dziko muno zinkaunikira magetsi a ESCOM. Kwa banja lodalira nandolo, thonje kapena mpunga wa kudambo la Chilwa, pulogalamu imeneyi ili kutali ngati mwezi.

N'zomvetsa chisoni, chifukwa muli dziko lonse lapansi, lojambulidwa kuchokera ku zithunzi za setilaiti. Munthu atha kunyamuka pa Chileka ndi kandege ka Cessna, phiri la Zomba lili kudzanja lamanja, n'kutsata mtsinje wa Shire mpaka pa Baraji mphindi 30 zisadakwane. Pansi amaona njanji yochokera ku Nkaya kulowera ku Nayuchi, kutsogolo nyanja ya Malombe, kum'mawa mapiri a Chikala. Nyumba zake kompyuta imangopeka, moti mudzi wa udzu utha kuoneka ngati wa kwina, koma mapiri ndi mitsinje zili m'malo mwake.

Njira zotsika mtengo zilipo. FlightGear, yomwe idayamba kupezeka mu 1997, ndi yaulere ndipo imalembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Ikakopedwa kamodzi, itha kuyenda pa fulashi kuchoka pa laputopu ina kupita pa ina popanda kuphwanya lamulo, ndipo nayo ili ndi njira yomangira ndege kuchokera ku miyeso ya mapiko. Pulogalamu ya Google Earth ya pakompyuta ili ndi kasimulator chiyambire 2007, kokhala ndi ndege ziwiri. X-Plane imalola munthu kuiyesa kwaulere kwa mphindi zochepa ulendo uliwonse, ndipo ili ndi mtundu wina wa pafoni. Sukulu ya sekondale yomwe ili ndi kompyuta imodzi yabwino, ndi mphunzitsi wa fizikisi wachidwi, ili nazo zokwanira kuyambira.

Ndipo pomwe palibe kompyuta, njira ya abale a Wright idakalipo. Ndege yamawaya siingauluke, poti mphepo imangodutsa m'mipata. Koma yamapesi ndi katoni itha kuyandama mamita angapo ikamangidwa mwanzeru, ndipo kuiyesa sikulira tambala.

Mwana aike zala ziwiri pansi pa mapiko, china uku china uku, pamalo otalikira pang'ono kuchokera kutsogolo kwa phiko, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kupingasa kwake. Ndegeyo ikakhazikika pazalazo, ili pafupi kuuluka. Ikagwera kumchira, abaye kamsomali kumphuno kapena amatepo kadongo. Akaiponya n'kuona ikudzutsa mphuno, kuima, kenaka kugwa chamutu, ndiye kuti kumbuyo kukulemerabe. Ikalunjika pansi nthawi yomweyo, msomali wakula. Ikamakhotera mbali imodzi, phiko lina lapotoka kapena latalika kuposa linzake.

Aponye kuchokera pachulu m'mawa mphepo isadayambe, awerenge mapazi kufika pomwe yagwera, alembe kumapeto kwa kope, kenaka asinthe chinthu chimodzi chokha asadaponyenso.